Chaka Chimene Achimwene Anagwira Musi

Kuseri kwa chitseko changa kuli musi wa muwanga. Unafupika ndi ntchito, kunsi kwake kunanyenyeka, koma pakati, pamene manja amagwira, mpaka lero pamawala ngati pena apadzoza mafuta. Chibwerere chigayo palibe amausinjira. Adzukulu anga amangotchingira chitseko mphepo ikakula. Mwezi wathawu, titabwerako koika achimwene m'manda, ndinautenga n'kuugoneka pamiyendo, ndipo anthu odzandipepesa anandipeza ndikuseka ndekha. Ndinawaona akuyang'anana. Ndiye ndati ndilembe chimene ndinkaseka, angamati nkhalamba yasokonezeka ndi maliro. Sukulu sindinapite nayo patali, ndilemba monga ndimayankhulira.

Inali nthawi ya nkhondo ya Jeremani, ine ndili kamtsikana kongoyamba kusenza kamtsuko. Tinali titakolola. Kwathu kuno kunsi kwa Chongoni chisanu chikabwera sichiodira. M'mawa udzu umayera, mapazi amang'aluka, nkhungu imatsika m'phiri n'kudzakhala pabwalo ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Bambo anali atapita ku Halale kalekale, osamvekanso. M'nyumba tinalimo atatu: amayi, ine, ndi achimwene, amene anali atangoyamba kumera tindevu.

Nyengo imeneyo amesenjala a boma ankayenda m'midzi kutenga anyamata amphamvu kuti akakhale amtengatenga, osenza katundu wa asilikali. Midzi ya kutsidya anali atadutsamo kale, ndipo wathu unali m'njira. Mpata unalipo umodzi wokha: wogwira ntchito pachipatala cha azungu, kuseri kwa phiri, sankamutenga. Tsono kunamveka kuti dokotala wa kumeneko akufuna mnyamata mmodzi woti amuphunzitse kutsuka mabala, ndipo adzasankha mwezi ukaoneka.

Amene anabwera ndi uthengawu anali aphunzitsi a sukulu ya m'mudzi mwathu. Anali munthu wowonda, wosakwatira, wa jekete limodzi. Zala zawo zinali zothimbirira ndi inki, ndipo m'zikhadabo munkakhala fodya wa m'mphuno. Asanayambe uphunzitsi ankanyamulira dokotalayo bokosi la mankhwala pa maulendo, ndipo nawonso anayesapo mwayi wa ntchito yotsuka mabala. Ankati dokotala anawagwira manja, kuwatembenuza uku ndi uku, ndipo iwo pofuna kuonetsa kuti si munthu wamba anatchula liwu lalitali la Chingerezi limene analitola poyenda naye. Mzunguyo analibwereza liwulo mwa njira ina, n'kuwauza kuti azipita.

"Ndinagwa pa liwu," ankatero aphunzitsi. "Ndinaponda polakwika."

Chichokere tsiku limenelo anatchera khutu, n'kutolera mawu aataliwo limodzilimodzi, lililonse ndi popondera pake. Anauza amayi kuti mnyamata amene adzawatchule bwino pamaso pa dokotala ndiye adzalowe. Amayi sanafunse zambiri. Anangoti, "Muphunzitseni."

Malinga ndi aphunzitsi, mawu a madokotala ali ngati msinde. Ndi aatali, koma ali ndi mfundo, ndipo munthu sameza wathunthu, amathyola pa mfundo. Mwa mfundo zonsezo pali imodzi yokha imene umaiponda ndi mphamvu, zinazo umangodutsa mopepuka ngati wowoloka mtsinje pa miyala. Ndilemba mmene ndinkamvera, ndipo pamene ndaika zilembo zazikulu ndiye popondera: a-na-TO-mi-ko, pa-tho-LO-ji-ko, an-ti-SEP-tik, hai-po-DA-mik, mai-kro-SKO-pik. Panali lina lalitali ngati ulendo wa ku Halale, loti bak-ti-ri-o-LO-ji-ko. Limeneli aphunzitsi ankalitchula atayamba avula chipewa.

Achimwene sanali mbuli. Masamu ankakhoza, njiwa ankaigenda ili m'mwamba. Koma lilime lawo linali lathu lomweli. Ife liwu timalikoka chakumapeto, ngati munthu woperekeza mlendo wosafuna kubwerera. Aphunzitsi akati patho-LO-jiko, achimwene ankati patholo-JII-ko. Akati anti-SEP-tik, achimwene ankaliika miyendo ina, n'kukhala antisepitiki. "Liwu la mzungu limathera pa phompho," ankadandaula aphunzitsi, "inu mukulimangira mlatho." Anayesa kundanditsa timiyala pansi, waukulu pa mfundo yolemera. Achimwene ankaloza mwala woyenera, pakamwa n'kuponda wina. Anayesa kuwomba m'manja. Anayesa ndodo, poyamba pansi, kenako pa achimwene. Sizinathandize.

Tsiku lina masana amayi ankakonola chimanga, achimwene atakhala pa tsinde la nkhokwe, nkhope ili gwa, akung'ung'udza mawu awo aja. Zinangochitika kuti musi wa amayi unagwa pamene iwo anafika pa LO, ndipo liwulo linatuluka lowongoka. Aphunzitsi, amene ankaomba fodya chapafupi, anayetsemula n'kuimirira. Anapempha kuti abwereze. Koma amayi anali ndi kasinjidwe kawo ka zaka zambiri, ndipo musi wawo sunkadikira Chingerezi. Nthawi zina unkagwa pa tho, nthawi zina pa ji. Amayi anaima, anayang'ana mwana wawo, anayang'ana musi, kenako anaupereka.

Ana a lero sangamve kukula kwa nkhaniyi. Masiku amenewo mwamuna kugwira musi chinali chinthu choti anthu asiye ntchito adzaonere. Mbeta yaimuna yopanda mlongo inkalolera kukazinga chimanga n'kumakukuta kusiyana n'kuoneka pa mtondo. Achimwene anabweza manja kumbuyo ngati awapatsa njoka.

Koma amayi asanawalole n'komwe kugwira, anaona manja awo. Chisanu ndi nyengo ya mbewa, ndipo anyamata onse a m'mudzi ankakhalira kukumba mauna m'minda. "Dzanja lokumba mbewa silikhudza mphale yanga," anatero amayi. Anandituma madzi. Anawakhula achimwene ndi phulusa ndi mwala wotsukira mapazi, anatokosa m'zikhadabo ndi kamtengo, n'kuzidula ndi kampeni. Madziwo anali oti ukaviikamo chala umamva kuwawa mpaka m'mano. Ndipo lamuloli silinasinthe: nthawi iliyonse asanagwire musi, phulusa, mwala, kamtengo. Achimwene ankati kusamba kuja kunali kowawa kuposa Chingerezi.

Zinatheka. Pokweza musi ankati pa-tho, musi ukamagwa LO, ndipo ji-ko ankatsala n'kudumpha pamodzi ndi timaso ta chimanga. An-ti pokweza, SEP pogwa, tik n'kutseka pakamwa msanga mlatho usanamangike. Lalitali lija linkafuna kuti musi auimike m'mwamba nthawi yaitali, mikono ikunjenjemera, bak-ti-ri-o, mpaka LO adzawapulumutse. Aphunzitsi ankazungulira mtondo ngati nkhuku yofuna gaga. Ine ndinakondwa kuposa onse, chifukwa chigawo changa chosinja chinali chitapeza mwini. Ndinasewera phada chisanu chonsecho mpaka mawondo anayera.

Atsibweni, mlongo wawo wa amayi, ndiwo anali mwini mbumba, ndipo nkhani inawapeza asanamalize kuwotha dzuwa. Ankatsimphina. Iwo ankati anagundidwa ndi njati, amayi ankati anagwa pa nkhokwe ya eni. Anabwera akukoka mwendo wawo uja mwaukali, n'kuima patali ndi mtondo ngati pali maliro a khate.

"Mlongo wanga, wandivula pagulu," anatero. "Mawa um'manga mikanda m'chiuno. Ndani adzalola mkamwini wa matuza a musi?"

Amayi sanasiye kupeta. Anati, "Matuza amapola. Musi ngwopepuka kuposa katundu wa mzungu."

Atsibweni anatembenuka n'kubwerera. Ine madzulo ake ndinakaunyamula musiwo kuti ndione, ndipo ndinatsimikiza kuti amayi ananama. Unali wolemera.

Mudzi wonse unaseka. Anyamata pobwera kokumba mbewa ankadutsira dala pakhomo pathu, mbewa zili pa mpani, n'kumagwada: "Tapempha ufa, amayi." Woseka kwambiri anali mnzawo weniweni wa achimwene, mnyamata wa nyumba ya kumtunda, wamtali, wa mpata kumano, amene ankatha kuyenda ndi manja. Ankamanga nsalu pachifuwa n'kumatsanzira kusinja, chiuno chikugwedezeka, mpaka achimwene eniake ankalephera kudzigwira.

Azimayi anaseka masiku oyamba, kenako anaganiza bwino. Chimanga chathu chokonola chinali chitatha, mawu asanakhwime. Mmodzi anabwera ndi dengu lake, ati kuthandiza maphunziro. Mawa lake madengu anali pamzere. Aliyense asanatule dengu ankayamba wayendera manja a achimwene, kuwatembenuza, kununkhiza ngati mulibe fungo la mbuzi. Achimwene anasinjira mudzi wonse chaka chimenecho, osalandira ngakhale zikomo wabwino. Gaga yense ankatsala kwathu, ndipo ankapita kwa nkhumba ya atsibweni. Nkhumba itayamba kunona, atsibweni anayamba kunena kuti maphunziro ali ndi njira zambiri. Nkhumbayo anaitcha Haipodamiki.

Vuto linachokera ku nyimbo. Kwathu mkazi akakhala ndi chodandaula sapita nacho kubwalo, amachiimba pa mtondo, mwamuna wake n'kumamva ali pa khonde. Amayi a kumtunda, make wa mnyamata wa mpata kumano uja, ndiwo anali katswiri wopeka. Sipanapite nthawi, mitondo yonse ya m'mudzi inali ikuimba:

Amuna anga patholojiiko,
adya ndiwo, andisiyira mbale,
anatomiiko, ee, anatomiiko.

Nyimboyo inali yokoma, ndipo n'chimene chinaipa. Inkakoka mawu mwa chikwathu, ndipo inalowa m'mutu mwa achimwene. Musi unkagwa pa LO, pakamwa n'kutsatira azimayi. Ntchito ya masabata inayamba kusungunuka.

Aphunzitsi anavala jekete lawo n'kupita kukakonza zinthu. Anaima chapatali, anatsokomola, n'kufotokoza za mfundo ndi popondera. Azimayi anamvetsera mwaulemu, misi ili chilili. Kenako amayi a kumtunda anafunsa kuti mawuwo amatanthauza chiyani.

"Ndi za matenda," anayankha aphunzitsi.

"Ndiye tikuimba bwino. Amuna athuwa ndi matenda ndithu. Koma poti mwati tikulakwa, tagwirani musiwu mutionetse, aphunzitsi. Mwina pano mungapezenso wokuchapirani jekete."

Aphunzitsi anakumbukira kuti asiya ana okha m'kalasi, ngakhale linali Loweruka.

Pano ndikaganiza ndimaona kuti munthu uja ankadziwa kuthyola msinde pa mfundo zake zonse, koma madzi a m'kati anali asanawalawe. Sindikuwanyoza. Anapereka chimene anali nacho, ndipo sanalandirepo kanthu koposa mbatata yowotcha.

Amayi anakokera mtondo kuseri kwa nkhokwe, n'kutseka makutu a achimwene ndi timasanza kuti asamve nyimbo. Nyimbo sanaimvedi, koma sankadzimvanso okha, choncho ankakuwa. M'mawa wa nkhungu, mudzi uli zii, unkamva kuchokera kudambo: mai-kro-SKO-pik, ndi kugunda kwa musi pakati pake. Agalu ankayankha. Munthu wina wodutsa ndi nkhuni anakafunsa kwa atsibweni ngati m'banja mwathu mwagwa mizimu.

Mwezi unaoneka. Tinanyamuka m'mamawa, udzu ukulasa mapazi ndi kuzizira: aphunzitsi patsogolo, achimwene m'malaya obwereka ofika m'mawondo, amayi, ine, ndi atsibweni kumbuyo, amene anati nkhani ya mbumba siingakambidwe iwo palibe. Amayi anafuna kusenza musi. Atsibweni anakana kwamtuwagalu, ati tikafika ngati odzagumula chipatala. Musi unatsala, ndipo njira yonse achimwene ankayenda manja ali lende ngati si awo. Pa mtsinje womaliza amayi anawaimitsa, anatulutsa phulusa limene anamanga pa nsonga ya nsalu, n'kuwakhula monga mwa masiku onse. Sindikhulupirira kuti ankaganiza za dokotala. Anangozolowera kuti mawu aja satchulidwa ndi manja akuda.

Chipatala chinali nyumba ya njerwa ya khonde lalitali. Fungo lake linkaboola mphuno n'kukafika kukhosi. Odwala anali atakhala pa dzuwa, ena miyendo yokulungidwa nsalu zoyera. Anyamata ofuna ntchito anali ambiri, ochokera m'midzi yosiyanasiyana, ataima pamzere. Dokotala anatuluka, munthu wofiira, waubweya m'mikono, woyankhula chinenero chathu ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Sanafunse dzina la munthu. Anangoti, "Manja."

Anayamba kumapeto kwa mzere, kugwira manja a aliyense, kutembenuza, kudutsa. Palibe anafunsidwa liwu. Aphunzitsi anatinong'oneza kuti ndi mmene amayambira, mawu amabwera mwadzidzidzi. Atafika pa achimwene, iwo anatambasula manja monga anzawo. Koma manja aja atangofika kutsogolo, anachita zimene anazolowera. Chibakera china chinakwera pamwamba pa chinzake, zonse zinanyamuka kupita m'mwamba, ndipo achimwene, maso ali tseke, anakuwa ngati akadali ndi masanza m'makutu.

Anayamba ndi a-na-TO-mi-ko, zibakera n'kutsika pa TO, mawondo n'kupindika pang'ono monga amachitira wosinja. Dokotala anadumphira kumbuyo. Pa SEP bambo wina wa mwendo womanga anayamba kuseka mpaka kugwira bala lake. Azimayi odikirira odwala anatuluka kukhitchini, ndipo mmodzi anati, "Koma mwanayu amatha, taonani chiuno." Atsibweni anapezeka ali kuseri kwa mtengo, akuyang'anitsitsa khungwa lake ngati akufuna kuugula. Achimwene sanaime. Anadutsa onse, mmodzimmodzi, mpaka lalitali lija, mikono ili m'mwamba, bak-ti-ri-o, ndipo LO atagwa ndinamva amayi akutulutsa mpweya pambali panga.

Dokotala anadikira kuti aone ngati kukubwera ena. Kenako anagwira zibakera zija, anazitsegula chala chimodzichimodzi, anayang'ana m'zikhadabo nthawi yaitali, n'kuitana mzungu wamkazi amene ankamuthandiza kuti adzaone. Anayankhulana m'Chingerezi, akuseka chamumtima. Dokotala anabwereza liwu lalitali lija yekha, akugwedeza mutu, ndipo anaponda pomwe paja. Aphunzitsi anavula chipewa. Anyamata ena onse anauzidwa kuti azipita.

Pobwerera tinali anayi. Aphunzitsi anafotokoza njira yonse mmene mfundo iliyonse inagwera m'malo mwake. Atsibweni anati iwo anadziwa kuyambira pachiyambi, ndipo luntha lotere ndi la amuna a mbumba yathu. Titafika amayi anatsuka musi, n'kuuimika m'nyumba, osati panja monga kale.

Zoona zake achimwene anandiuza patapita zaka, ine nditakwatiwa kale. Dokotala uja sanafunsepo munthu mawu amenewo, ngakhale kamodzi. Ankafuna mnyamata wa manja oyera, basi, ndipo m'nyengo ya mbewa m'dziko lonse lino munali mmodzi. Ntchito yawo yoyamba inali kuwiritsa nsalu ndi kutaya mabeseni. Mawu aja anadzakumana nawo mochedwa, m'mabuku, ndipo ankati anali ngati kukumana ndi anthu a kumudzi m'tauni. Ndinawafunsa ngati anawauza aphunzitsi. Anati ayi, ndipo ndisadzayerekeze. Aphunzitsi anaphunzitsa Chingerezi cha pa mtondo mpaka ukalamba wawo, ndipo azimayi a m'mudzi mwathu sanadandaulepo za njira imeneyi.

Achimwene anatsuka mabala moyo wawo wonse. Matenda atawalanda mawu kumapetoku, ndinkakhala pambali pa mphasa yawo. Tsiku lina ndinaona manja awo pamwamba pa bulangete, chibakera pamwamba pa chinzake, akukwera pang'ono, n'kutsika. Mpongozi wawo anati agogo akupemphera. Ndinamusiya. Ndinawerama n'kunena pa-tho, ndipo manja aja anatsika pamalo pake.

Koma ndibwerere ku chisanu chija. Patangopita masiku ochepa achimwene atalowa ntchito, amesenjala anafika m'mudzi mwathu. Anasonkhanitsa anyamata pabwalo, onse aja ankapempha ufa pakhomo pathu. Ife ana tinkathamanga m'mbali mwa mzere, tikusirira, chifukwa tinamva kuti wopita ku mtengatenga amakaona nyanja ndi sitima, ndipo amapatsidwa bulangete lakelake. Mnyamata wa mpata kumano anandiona, anakweza manja ngati wagwira musi, anagwedeza chiuno kamodzi, n'kundiuza kuti adzandibweretsera chitini chopanda kanthu choti ndizisungiramo miyala ya phada. Sanabwereko. Ambiri a mzere umenewo sanabwereko, ndipo palibe anatiuza kumene anagona.

Izo ndinadzazidziwa pambuyo. Tsiku limenelo ndinkangodziwa kuti masana amayi a kumtunda anatsika ndi dengu lawo, ngakhale wowasinjira kunalibenso. Amayi anatulutsa musi m'nyumba, anabwereka wina, ndipo awiriwo anasinja mu mtondo umodzi, uyu akakweza uyu n'kutsitsa, mpaka dzuwa linapendeka. Ndinakhala pafupi kudikira nyimbo. Sinabwere. Ndinayamba ndekha, amuna anga patholojiiko, ndipo amayi anandiyang'ana kamodzi kokha, ine n'kutseka pakamwa.

Ndinakagona wokwiya. Ana a eni apita kukaona sitima, adzabwera ndi mabulangete, ife wathu tamusinjitsa chisanu chonse kuti akatayire azungu mabeseni. Ndinauza amayi kuti achimwene awamana ulendo. Amayi anati inde, ndawamana. Anandifunditsa nsalu yawo, ndipo ine ndinagona ndikuganiza za chitini changa, kuti chidzakhala chachikulu bwanji.